Mphepo ku Mbali ya Amayi

Mlongo wanga Nesar anamanga nyumba imene iye mwini saloledwa kuiona muli anthu. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu a kuno ku Herat akamakamba nkhaniyi amadumpha mfundo imeneyi n'kuthamangira kunena kuti sukulu inamuzunguza mutu.

Holo ya maukwati ya Haji Sabur ili ndi mbali ziwiri monga maholo onse, ya abambo ndi ya amayi, pakati pali khoma lofika kudenga. Nesar ndiye anajambula pulani yake, ndipo anapsa ndi dzuwa limodzi ndi amisiri mpaka ntchito inatha. Mbali ya amayi ankaidziwa njerwa ndi njerwa, koma ili yopanda munthu. Ife tikangolowamo n'kuvula zofunda kumutu, mwamuna amene amapondamo ndi mkwati yekha, nayenso maso ali pansi.

Chimene chinamuyambitsa zonsezi ndi imfa ya bambo athu. Chaka cha korona chija anapita ku ukwati mu holo ina ya magalasi okhaokha, yopanda ndi kazenera komwe. Anabwerako akuyamikira mpunga. Mwezi usanathe tinawaika m'manda, ndipo achikulire anzawo amene anadya nawo mbale imodzi anatsatira mmodzimmodzi. Anthu anati linali tsiku lawo. Nesar sanatsutse, koma kuyambira pamenepo akalowa m'nyumba ya eni ankangoyang'ana kudenga ngati munthu wosowetsa nkhunda.

Ine ndine Mahbuba, wamkulu pa ana otsala, ndipo ntchito yanga ndi yosoka madiresi a akwatibwi. Popeza ndimakhala tsiku lonse pamakina osathawa, ine ndi amene ndinkamvera maulaliki ake.

"Achemwali, matenda ambiriwa sayenda pansi ayi," ankatero akusanja makapu a tiyi pamkeka ngati makoma. "Amayenda ndi mpweya wotuluka m'kamwa mwa munthu. Chikhamu chikatsekeredwa m'chipinda chimangopatsirana mpweya womwewo. Inu mungamwe madzi amene wina wachukuchira m'kamwa?"

"Iwe, ndikudya ine!"

"Ndiye mumapumiranji mpweya wake?"

"Ndiye ukufuna tizikavinira pamsewu, amuna a njinga zamoto aziombera m'manja?"

Ankaseka, n'kupitiriza. M'munsi mwa khoma la kumpoto la holoyo, kumene kumachokera mphepo yamphamvu ya kuno kwathu, anasiya mabowo aakulu, n'kusanjamo njerwa mopingasa kuti mphepo izilowa koma diso la munthu lisalowe. Denga analikweza kwambiri, ndipo pamwamba pa mbali iliyonse anamanga nsanja yotulutsira mpweya wotentha. Pakhomo anaika mipope yosambira m'manja m'malo mwa beseni lija ndi thaulo limodzi loyendera tebulo lonse. Ku mbali yathu anawonjezera chipinda chadzuwa cha amayi oyamwitsa, chokhala ndi mazenera akeake apamwamba. Pomaliza anamangirira kansalu kofiira pakamwa pa nsanja iliyonse. Mpweya ukamayenda bwino kansaluko kamakupiza, ndipo munthu amatha kukaona ataima pabwalo.

Haji Sabur anavomera zonsezi osati chifukwa choopa matenda, koma chifukwa magetsi kuno amabwera mmene afunira, ndipo holo yodziziziritsa yokha inamukomera. Anangolimbikira chinthu chimodzi: mabowowo akhale ndi zitseko zachitsulo chifukwa cha fumbi la m'chilimwe. Nesar analola. Zogwirira zake zinali za mkati.

Amayi athu holoyo sankaifuna n'komwe. "Nyumba ya mabowo ndi khola la nkhosa," ankatero. Sindingawanyoze kwambiri. Anaika ana awiri m'manda ife tisanabadwe, onse m'nyengo yozizira, ndipo palibe dokotala pansi pano amene angawauze kuti sinali mphepo imene inawalowa m'chifuwa. Kwa amayi, mwana wakhanda amafundidwa, amafundidwanso, kenaka amatsekeredwa chitseko.

Nyengo yozizira imene ndikukambayi, chikuku chinali chitabuka m'midzi ya kumadzulo ndipo chinali chitayamba kulowa mumzinda. Nesar ndi mkazi wake Rokiya anali ndi mwana mmodzi, Setayesh, amene anamudikira zaka zambiri. Anali atangoyamba kukhala pansi yekha, ndipo kuchipatala anati miyezi yake ya katemera wa chikuku inali isanakwane. Nthawi yomweyo ndi pamene Nilofar, mwana wa amalume athu, ankakwatiwa ndi mnyamata wa kumidzi komweko, ndipo ukwati unali mu holo ya Haji Sabur.

"Rokiya atsale ndi mwana," anatero Nesar tikudya.

Amayi anaika buledi pansi. "Ukuti chiyani? Mwana wa mlongo wanga akukwatiwa, mpongozi wanga asaoneke? Anthu adzati tinayambana. Ukufuna ndidzayende bwanji pamaso pa akuchimuna?"

"Ndiye mwana atsale."

"Atsale ndi ndani, ndi iwe? Uli ndi bere?"

Rokiya anabisa nkhope m'chofunda kuti asaoneke akuseka. Anali mtsikana wofatsa, woleredwa kuti apongozi akayankhula iye aziti inde. Nesar anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenaka anagonja, ndipo chimene chinamugonjetsa ndi nyumba yake yomwe.

"Chabwino," anatero. "Ngati mu Herat muno muli holo imene ndingalole mwana wanga kulowamo, ndi imeneyo. Koma Rokiya, ukakhale m'chipinda cha oyamwitsa. Usakamuyendetse m'manja mwa anthu."

Mmawa wa tsikulo anapita yekha kukatsegula zitseko zonse za mabowo, mbali zonse ziwiri, n'kuima pabwalo mpaka ataona tinsalu tonse tikukupiza. Anabwera kunyumba akuimba mluzu.

Ine ndinachedwa kufika chifukwa ndinali ndi mkwatibwi kokonzetsa tsitsi, ndikukulitsa diresi limene linamuthina chifukwa chodya kwambiri ndi mantha. Tinafika masana anthu atadzaza kale. Pakhomo la amayi panali mayi Zebo monga mwa masiku onse, ndi dengu lawo lolandirira mafoni kuti wina asajambule akazi a eni ali mitu pamtunda. Ndinaponya yanga m'dengumo n'kulowa.

Kutentha kunandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni wa buledi. Akuchimuna anali atabwera mudzi wonse, kuposa amene anaitanidwa, ndipo matebulo amene Nesar anawatalikitsa anali atawagundanitsa kuti pakhale bwalo lovinira. Ng'oma zinkalira, utsi wa esipandi wofukizira diso loipa unali tolo, mafuta onunkhira, thukuta, nyama ya nkhosa, zonse pamodzi. Khoma la kumpoto linali litakutidwa ndi makapeti okongola kuyambira pansi. Ndinangoti akuchimuna akongoletsa, ndipo ndinapitiriza kunyamula mchira wa diresi la Nilofar.

Chipinda cha oyamwitsa chinali chokhoma. Anali atasungiramo masutikesi ndi mabulangete a mkwatibwi, kiyi ali m'chifuwa mwa azakhali ake a mkwati. Setayesh ndinamupeza patebulo la akuluakulu, pamiyendo pa amayi athu, atamuveka kadiresi konyezimira ndi chipewa chaubweya, masaya ali psuu. Aliyense wodutsa ankamupsompsona. Pafupi pomwepo mayi wina wa kuchimuna anali atafukata mnyamata wake wa zaka ngati zitatu, wofundidwa bulangete, maso ofiira akutuluka misozi, akutsokomola chifuwa chouma.

"Mwanayo sakudwala?" ndinafunsa.

"Ndi chimfine chabe, achemwali. Fumbi la mumsewu. Ndikanamusiya ndi ndani, mudzi wonse uli kuno?"

Tinadya. Mkwati analowa, akuluakulu anawaphimba nsalu iye ndi Nilofar kuti aonane pagalasi monga mwa mwambo, anamwetsana zotsekemera, tinalulutira. Nthawi inapita ndithu. Kenaka mayi Zebo anandikoka mkono.

"Mahbuba, tatuluka. Mlongo wako akufuna kutigwetsera chitseko."

Ndinafunda n'kutuluka. Kunja kunkazizira koopsa, mphepo ikuomba mpaka kukupiza matenti a ophika. Nesar anali pakhomo la amayi, amalume atamugwira dzanja limodzi, mkulu wake wa mkwati atamuima kutsogolo chifuwa chili patsogolo.

"Injiniya, ulemu wanu ndi umene ukundigwira manja," ankatero mkulu wa mkwatiyo. "Mkatimo muli mkazi wanga ndi alongo anga. Mukaponda pakhomopo, ukwati uno usanduka maliro."

"Sindikufuna kuona mkazi wa munthu ine! Ndimangeni nsalu kumaso, mundigwire dzanja, ndingokatsegula basi!"

"Nesar, mwana wa mlongo wanga, usandichititse manyazi lero," anatero amalume. "Anthu akuona."

Nesar atandiona analoza kudenga. Kansalu ka mbali ya abambo kanali petupetu. Ka mbali yathu kanali lende, ngati kanyowa.

"Achemwali, atseka. Ndakhala ndikuimba foni ya Rokiya, ya inu, palibe woyankha. Atseka liti?"

"Sindikudziwa. Ndapeza pali makapeti."

"Makapeti!" Anagwira kumutu. "Mwana ali m'chipinda chija?"

Ndinamuuza kuti chipindacho ndi chokhoma. Nkhope yake inachita ngati ya bambo tsiku limene tinawatengera kuchipatala. Anafunsa ngati muli ana odwala. Ndinati muli mmodzi amene ndamuona.

"Katseguleni onse. Ayi, yambani mwanditengera mwana wanga. Chonde, achemwali, ndagwira mwendo wanu."

Ndinabwerera mkati. Ndinafika pakhoma, ndinakoka kapeti imodzi n'kuigwetsa, ndinakankha chitseko chachitsulo. Mphepo yozizira inalowa ngati madzi, n'kuulutsa mapepala opukutira m'manja patebulo la akuluakulu. Amayi achikulire anakuwa onse pamodzi.

"Tseka! Tseka, iwe! Muli ana muno!"

"Wapenga kodi? Anthu ali thukuta lokhalokha!"

Amayi athu anaimirira, Setayesh ali m'manja. "Mahbuba, ndatseketsa ndine. Ine ndi amayi ake a mkwati tinagwirizana tisanakhale pansi. Mlongo wako akufuna kutiphera ana ndi mabowo akewa, iwenso ukumuthandiza?"

"Amayi, mwana uyo ali ndi chikuku. Tamuonani maso."

Mayi wa mnyamata uja anayamba kulira kuti ndamutukwanira mwana pamaso pa anthu. Azakhali a mkwati anati ngati akuchikazi akuona kuti iwo abweretsa matenda, anene, anyamuke. Ng'oma zinasiya. Atsikana awiri anakankha chitseko chija n'kuchitsekanso, wina n'kukhalira pomwepo.

Ndinatambasula manja. "Ndipatseni mwanayo. Bambo ake akumufuna panja."

"Panja? Mwana ali thukuta chonchi, umutulutse pamphepo imeneyo?"

Ndinayang'ana Rokiya. Anali chiimire kumbuyo kwa amayi, akuyang'ana ine, akuyang'ana apongozi ake. Ndinamulanda mwanayo m'manja mwa amayi. Sindinayambe ndawagwirapo mwamphamvu amayi anga chibadwire, koma tsiku limenelo ndinawapotokola zala.

"Mahbuba," anatero amayi, mawu ali pansipansi koma holo yonse inamva, "ukatuluka naye pakhomopo, mkaka umene unayamwa kwa ine sindidzakukhululukira."

Mawu amenewo kwathu kuno amagwetsa ndi amuna a ndevu omwe. Koma ndinamukulunga Setayesh m'chofunda changa n'kutuluka. Rokiya ananditsatira akulira, nsapato ili m'manja. Nesar anamulandira mwanayo n'kumuika mkati mwa jekete lake, ndipo tinakwera galimoto osatsanzika munthu. Njira yonse ankangofunsa kuti anakhalamo nthawi yaitali bwanji, ndipo Rokiya anati chifikireni mmawa.

Sabata yoyamba inatha bwinobwino. Amayi sankandiyankhula, ankandipatsira tiyi kudzera mwa Rokiya, koma mwana ankaseka, ankayamwa. Nesar ankabwera ku ntchito n'kuyamba kumugwira pachipumi asanavule nsapato. Ndinayamba kumuseka kuti watiyambanitsa ndi mudzi wathunthu popanda chifukwa, ndipo iye anati Mulungu achite kuti mundiseke mpaka kukalamba.

Sabata yachiwiri thupi linatentha. Kenaka chifuwa, kenaka maso ofiira aja amene ndinali nditawaona kale. Zidzolo zinayambira kuseri kwa makutu n'kutsikira pamimba. Amayi anatseka mazenera onse, anatseka ndi mpata wa pansi pa chitseko ndi sanza, anafukiza esipandi. Nesar ankatsegula, amayi ankatseka. Mwana atayamba kupuma mobanika, nthiti zikulowa mkati, tinathamangira naye kuchipatala.

Kumeneko ndi kumene tinakumananso ndi ukwati wa Nilofar. Pabedi loyandikana ndi lathu panali mdzukulu wa amalume. Kutsogolo kunali ana awiri a akuchimuna pabedi limodzi, ndi amayi awo amene tinavina nawo. Tinkapatsana moni ndi maso okha. Ku mbali ya abambo m'holo muja kunalinso ana tsiku la ukwati lija, anyamata otsatira abambo awo, koma m'chipindamo sindinaonemo ndi mmodzi yemwe. Ndinamuuza Nesar zimenezi pakhonde poganiza kuti zimutonthoza. Anangondiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi.

Madokotala anati chikuku chagwera m'mapapo, chasanduka chibayo. Botolo la mpweya linali limodzi, ana ankalandizana. Setayesh anamwalira Lachinayi dzuwa likutuluka, ali m'manja mwa mayi ake, kadzanja kake katagwira chala cha bambo ake. Ndaona imfa zambiri, koma iyi imandiwawabe mpaka lero, ndipo ndikamaikumbukira ndimakwiya ndisanayambe kulira.

Abambo anapita naye kumanda. Nesar anamunyamula yekha pamanja, kamtolo kansalu yoyera kosafuna ndi machira omwe. Ife amayi tinatsala kunyumba monga mwa mwambo, kulandira obwera kudzapepesa.

Nkhani inali itayenda kale mumzinda, ndipo inayenda chagada. Aliyense amene anali mu holomo anaona chinthu chimodzi: Mahbuba anatsegula bowo, mphepo inaomba patebulo pamene panali ana, ndipo ana anadwala. Amene anamutulutsa panja ali thukuta ndi amene anamwalira. Haji Sabur anamva kuti mabanja awiri abweza maukwati awo poopa holo yamphepo, ndipo sanachedwe. Anatumiza amisiri kukatseka mabowo a mbali ya amayi ndi njerwa ndi simenti. A mbali ya abambo anawasiya, poti abambo sanadandaule. Anabwera ndithu kudzapepesa maliro, anamugwira Nesar dzanja nthawi yaitali, n'kumuuza kuti asadandaule, munthu aliyense amalakwitsa pa ntchito.

Tsiku la mapemphero a maliro a akazi okhaokha, chipinda chathu chachikulu chinadzaza mpaka pakhomo. Kunja kunkagwa chipale chofewa. Mbaula inali ikuyaka pakati, mazenera atatsekedwa, makatani atakokedwa. Amayi anabwera ndi ana awo, poti akanawasiya ndi ndani? Kumbuyo kwanga kamwana kena kankatsokomola chifuwa chouma. Nesar anali kuseri kwa khoma ndi abambo, m'nyumba yake yomwe, ndipo uku sakanalowa.

Amayi athu anakhala pamalo aulemu, maso atatupa. Anali atalira usiku wonse, ndipo sindikukayika kuti mdzukulu wawoyo ankamukonda kuposa moyo wawo. Mayi wina atawagwira dzanja, anayamba kufotokoza mokweza kuti onse amve.

"Ndinanena ine. Ndinatseka ndi manja angawa, ndinamufunda, ndinamusunga pachifuwa panga tsiku lonse. Koma ana a masiku ano amadziwa zonse. Wina anaboola khoma, wina anatsegula. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

Amayi onse anavomera ndi mitu. Ena anandiyang'ana, ena anayang'ana pansi. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi, chifukwa pamaliro sayankhana ndi mayi wako.

Rokiya anali pakona, pamene anakhala chibwerereni kuchipatala. Sanadye, sanayankhule, ndipo mkaka unali utanyowetsa diresi lake pachifuwa. Kamwana kaja katatsokomolanso, anadzutsa mutu. Anaimirira pang'onopang'ono, anadutsa pakati pa miyendo ya anthu osapepesa, anakoka katani, n'kutsegula zenera lonse mbali zonse ziwiri. Anapita pa lachiwiri n'kuchitanso chimodzimodzi. Mphepo inalowa ndi chipale chomwe, n'kugwera pamkeka ndi m'makapu a tiyi.

"Rokiya!" anakuwa amayi. "Tseka, mwana iwe! Muli ana a eni muno!"

Mtsikana amene sanayambe wawayankhapo apongozi ake chilowereni m'banja lathu anatembenuka n'kuima kutsogolo kwa zeneralo, manja atagwira mafelemu.

"Ndawaona, amayi," anatero. "Mukafuna kutseka, muyambe mwandichotsa ine."

Palibe anadzuka. Amayi athu anakoka chofunda chawo n'kuphimba kumaso. Mmodzimmodzi, amayi a ana anayamba kufunda ana awo n'kumatuluka, akung'ung'udza kuti chisoni chamuzunguza mutu mtsikanayu, ndipo ankapita kukakhala m'chipinda cha aneba, chimene chinali chofunda bwino ndi chotseka.